Kuona m'kati mwa chiweto popanda kung'amba: mafunso ndi mayankho pa endoscopy

Eni ziweto ambiri amamva mawu oti endoscopy koyamba pa tsiku lovuta. Galu wameza fupa, mphaka wakhala akusanza kwa milungu ingapo, kapena hatchi ikungowonda koma ikudya, ndiye dokotala wa ziweto akuti, "Tiyenera tione m'katimo." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nthawi yotereyi.

Kodi endoscopy n'chiyani kwenikweni?

Ndi njira yoonera m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito kapaipi kopyapyala kotchedwa endoscope. Kunsonga kwake kuli kuwala ndi kamera kapena galasi, ndipo chilichonse chimene nsongayo yayang'ana chimaonekera pa sikirini, chitakulitsidwa. M'kati mwa kapaipiko muli kanjira kodutsitsira tizipangizo topanira, tokolera kapena totsinira kachidutswa ka mnofu, komanso mpweya ndi madzi otsukira galasi likachita chidima.

Pali mitundu iwiri. Endoscope yopindika imalowera pa makomo amene thupi lili nawo kale: pakamwa, m'mphuno, kapena kotulukira chimbudzi. Dokotala amaiwongolera ndi timawilo ta pachogwirira, nsonga n'kumakhotera kumene iye akufuna. Endoscope yachitsulo sipindika. Iyi amailowetsa m'khutu, m'mphuno kapena m'chikhodzodzo, koma nthawi zambiri amayamba aboola kabowo ka mamilimita 5 mpaka 10 pakhungu kuti ilowe m'mimba, m'chifuwa kapena molumikizira mafupa. Ikalowa m'mimba ntchitoyo imatchedwa laparoscopy, ikalowa molumikizira mafupa ndi arthroscopy.

Ndiye ndi opaleshoni kapena ayi?

Zimatengera khomo lomwe yalowera. Ikadzera pakamwa, palibe mpeni, palibe kusoka. Ikadzera pa kabowo ka pamimba, imeneyo ndi opaleshoni yeniyeni, kungoti bala la panja ndi laling'ono. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Amaona timabala tiwiri tonga pomwe paluma nkhupakupa n'kuganiza kuti ntchito inalinso yochepa, pamene m'katimo mwachotsedwa chiwalo chathunthu ndipo mitsempha ya magazi yamangidwa kapena kutenthedwa. Kuchepa kwa bala kumachepetsa ululu ndi masiku ochira. Sikuchepetsa luso lofunika, kapena chisamaliro chimene chiwetocho chikuyenera kulandira.

Ndi njira yatsopano?

Yatsopano ndi makamera ake basi. Mu 1806 dokotala wa ku Frankfurt ku Germany, Philipp Bozzini, anapanga chipangizo chosuzumirira m'thupi chowunikira ndi kandulo. Mu 1868 dokotala winanso wa ku Germany, Adolf Kussmaul, anaona m'mimba mwa munthu ndi paipi yachitsulo yowongoka, ndipo amene anavomera kuimeza anali katswiri wa masewera omeza lupanga, poti munthu wamba sakanatha.

Chosangalatsa kwa ife a ziweto n'chakuti laparoscopy yoyamba inachitikira pa galu. Mu 1901 dokotala Georg Kelling wa ku Dresden ku Germany anapopera mpweya m'mimba mwa galu wamoyo n'kusuzumiramo ndi chipangizo choonera m'chikhodzodzo. Endoscope yopindika ya timaulusi ta galasi inabwera mu 1957 ku yunivesite ya Michigan ku America, ndipo mtsogoleri wa ntchitoyo, Basil Hirschowitz, anali mbadwa ya ku South Africa. Iye anayamba waimeza yekha asanaiyesere pa wodwala. Zipangizo zambiri zimene madokotala a ziweto anayambira nazo zinali za m'zipatala za anthu, ndipo mpaka lero zipatala zina za ziweto zimagula zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera komweko.

Galu wanga wameza fupa. Endoscopy ingathandize?

Iyi ndiye ntchito imene endoscope imaoneka phindu lake msanga. Koma choyamba tidziwe pomwe fupalo laima.

Fupa likafika m'chifu, nthawi zambiri asidi wa m'menemo amalisungunula, ndipo dokotala angathe kungokuuzani kuti muyang'anire galuyo. Likakakamira kum'mero, nkhani ndi ina. M'mero wa galu uli ndi malo atatu opanikizika: polowera m'chifuwa, pamwamba pa mtima, ndi pafupi ndi khomo la chifu. Mafupa a msana wa nkhuku, a mbuzi kapena a nkhumba amakonda kuima pamenepo. Galu amachucha dovu, amameza malovu pafupipafupi, ndipo akadya chakudya chimabwerera chisanagayike. Madzi nthawi zina amadutsa, n'chifukwa chake mwini galu amadzilimbitsa mtima kuti zitha zokha.

Sizitha zokha. Ola lililonse limene fupa lakhalapo, likufinya khoma la m'mero, magazi sayenda, ndipo mnofu umayamba kuola. Pakapita masiku awiri kapena atatu khomalo lingathe kubooka, zakudya ndi majeremusi n'kulowa m'chifuwa. Apo ndiye kuti m'malo mwa kapaipi pafunika kutsegula chifuwa, opaleshoni yovuta ndi yodula, yomwe agalu ena sapulumuka.

Galu akafika msanga, dokotala amamugonetsa, amalowetsa endoscope, amapopera mpweya pang'ono kuti m'mero utambasuke, kenaka amaligwira fupalo n'kuyamba kulitembenuza pang'onopang'ono mpaka mbali yakuthwa isiye kukanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchitoyi ingathe kutenga mphindi 10, ingathenso kupitirira ola. Fupa likakana kubwerera, nthawi zina amalikankhira m'chifu mwadala kuti likasungunuke kumeneko. Akatha amalowanso kukaona bala lomwe latsala.

Mbedza nayonso ndi choncho. Agalu a m'mbali mwa nyanja amameza nyambo ndi mbedza yomwe, chingwe n'kumalendewera pakamwa. Musachikoke chingwecho, chifukwa kukoka kumangozamitsa mbedza m'mnofu. Musachidulenso pafupi ndi pakamwa. Chimangirireni mosakoka pa kolala wa galuyo, poti dokotala amachitsatira pofunafuna mbedza.

Bwanji ndingopisa dzanja n'kulichotsa ndekha?

Ayi ndithu, ndipo chifukwa chake si kulumidwa kokha. Galu wa chiwewe amaonekanso ngati wakakamiridwa fupa: kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha, akulephera kumeza. Ng'ombe ya chiwewe imaoneka ngati yatsamwa ndi mango kapena mbatata. Anthu atengapo matendawa popisa dzanja m'kamwa mwa chiweto kufunafuna fupa lomwe kulibe. M'madera athu, kumene chiwewe chikadalipo, dokotala akayamba wafunsa za katemera asanakhudze pakamwa, musaone ngati akutaya nthawi.

Musamumwetsenso galu mchere kapena mafuta kuti asanze. Mchere wambiri umapha, ndipo chinthu chakuthwa chimavulaza kawiri, potsika ndi pokwera.

Pali zinthu zomwe endoscope singachotse?

Zilipo zambiri. Endoscope yodzera pakamwa imafika kum'mero, m'chifu ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Yodzera kumbuyo imafika m'matumbo aakulu ndi kumapeto kwa aang'ono. Pakati pamatsala mtunda wautali wa matumbo womwe kapaipi safikako. Chitsononkho cha chimanga, chimene agalu amachikonda chikakhala chootcha, chimakonda kukatsekera kumeneko, ndipo njira yake ndi kung'amba basi. Njere ya mango nayo imachita zomwezo.

Ulusi umene mphaka wameza ndi woopsa mwa njira ina. Mbali imodzi imakola pansi pa lilime kapena pakhomo la chifu, inayo imatsikira m'matumbo, matumbowo n'kukwinyikira pa ulusiwo mpaka kuchekeka. Kuukoka ndi endoscope kungawonjezere kuchekako.

Nanga majumbo amene mbuzi ndi ng'ombe za m'matauni zimadya pa zinyalala? Amakaunjikana m'chifu chachikulu n'kupotana kukhala chimtolo cholemera makilogalamu angapo. Chimenecho sichingabwerere pa m'mero. Dokotala amatsegula m'nthiti cha kumanzere n'kuchitulutsa ndi manja.

Galu wanga amabweza chakudya ndipo akuwonda, koma sanameze kanthu. Dokotala akufuna kuona kum'mero. Chifukwa chiyani?

Mwina akuganizira nyongolotsi yotchedwa Spirocerca lupi, yomwe imapezeka m'mayiko otentha ndipo madokotala a ku South Africa amakumana nayo kwambiri. Galu amaitenga akadya zikumbu zogubuduza ndowe, kapena akadya buluzi, chule, mbewa kapena matumbo a nkhuku yomwe inadya zikumbuzo. Ana a nyongolotsiyi amaboola khoma la chifu, amayenda m'makoma a mitsempha mpaka kufika mu mtsempha waukulu wochokera kumtima, ndipo pomaliza amakhazikika m'khoma la m'mero, cha kumunsi. Ulendo wonsewu umatenga pafupifupi miyezi 6. Kumeneko amapanga zotupa, ndipo m'kati mwa chotupa mumakhala nyongolotsi zofiira zitapotana.

Kuyeza chimbudzi kumaphonya matendawa kawirikawiri, chifukwa mazira ake ndi aang'ono ndipo satuluka tsiku lililonse. Endoscope imachiona chotupacho maso ndi maso. Chikakhala chosalala, chozungulira, chokhala ndi kansonga pakati, mankhwala monga doramectin amachiphwetsa, ndipo dokotala amadzaonanso pakapita milungu kuti atsimikize. Chikakhala chokakala, cha zilonda ndi chowola pamwamba, ndiye kuti mwina chasanduka khansa, zomwe zimachitikadi pa matendawa. Zikatero jakisoni sathandiza, pafunika opaleshoni. Zotupa ziwirizi zimaonetsa zizindikiro zofanana kunja, koma chithandizo chake n'chosiyana kutalitali, ndipo mwini galu ali ndi ufulu wodziwa chomwe akulimbana nacho asanawononge ndalama. Chenjezo limodzi: agalu a mtundu wa Collie ndi abale ake amatha kuvulala ndi mankhwala a gulu la doramectin, choncho musagule nokha n'kubaya.

X-ray kapena sikani siyokwanira?

Chilichonse chili ndi ntchito yake. X-ray imaonetsa bwino mafupa, zitsulo ndi mpweya, koma nsanza, pulasitiki ndi mtengo sizioneka bwino. Sikani ya ultrasound imayeza kukhuthala kwa khoma la matumbo ndi kuona chiwindi, impso ndi kapamba. Endoscope imaona nkhope ya m'kati: kufiira, zilonda, magazi, zotupa. Chimene chabisala kuseri kwa khomalo siichiona. N'chifukwa chake dokotala wabwino amayamba ndi kuyeza magazi, chimbudzi ndi X-ray, endoscopy n'kubwera pambuyo. Galu wotsegula m'mimba yemwe sanamwetsedwepo mankhwala a njoka za m'mimba safunika kamera, amafunika mankhwalawo kaye.

Atsinako tizidutswa ta mnofu. N'ta chiyani?

Khoma la chifu kapena matumbo limatha kuoneka labwinobwino pa sikirini pamene lili ndi matenda. Ndiye dokotala amatsina tizidutswa ta mamilimita 2 kapena 3 m'malo osiyanasiyana, n'kutitumiza ku labotale kuti akatione pa maikulosikopu. Chiweto sichimva kutsinako ndipo timabalato timapola tokha. Kwa amphaka okalamba osanzasanza, funso limakhala loti kodi ndi kutupa kwa matumbo kwa nthawi yaitali kapena ndi khansa ya lymphoma, ndipo ndi maso okha simungasiyanitse.

Tizidutswati timachokera pamwamba pokha pa khoma. Nthawi zina yankho limabwera losamveka bwino, ndipo pamafunika kudula kachidutswa ka khoma lonse pa opaleshoni. Funsaninso kuti zotsatira zitenga masiku angati, makamaka ngati zikukayezedwa ku dziko lina.

Kodi chiweto chimagonetsedwa?

Galu ndi mphaka, inde, amagonetsedwa kotheratu ndi kuikidwa paipi yopumira. Munthu mungamuuze kuti adekhe, galu angotafuna chipangizo cha ndalama zankhaninkhani. Paipi yopumirayo imatetezanso kuti zam'mimba zisalowe m'mapapo. Hatchi ndi ng'ombe nthawi zambiri zimaonedwa zili chiimire, zitabayidwa mankhwala oziziritsa mtima, poti kugwetsa chinyama cholemera chotere kuli ndi zoopsa zake.

Ndikonzekere bwanji?

Chifu chiyenera kukhala chopanda kanthu, apo ayi kamera ingoona phala. Galu ndi mphaka amasala chakudya maola pafupifupi 12, nthawi zina kuposerapo. Ngati akukaona matumbo aakulu, kusalako kumafika tsiku limodzi kapena awiri, kuphatikizapo mankhwala otsuka m'mimba. Tiana ta ziweto ndi ziweto za matenda a shuga zili ndi ndondomeko yake, tsatirani zimene dokotala wanena. Muuzeni mankhwala onse amene chiwetocho chamwa, ngakhale azitsamba. Ndipo uzani aliyense pakhomo, ana ndi alonda omwe, chifukwa nthawi zambiri amene amaphwanya lamulo la kusala ndi munthu wachifundo amene sanauzidwe.

Akuti angathe kutseka galu wamkazi kuti asabereke kudzera pa timabowo. Ndi bwino kuposa njira yakale?

Pa njirayi amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti mukhale malo, amaboola timabowo tiwiri kapena titatu, n'kuchotsa timatumba ta mazira akuonera pa sikirini. Ululu umachepa chifukwa sakoka ziwalo kuzitulutsira panja, ndipo galu amayambanso kuyenda msanga. Kwa agalu akuluakulu a chifuwa chozama, monga Great Dane ndi German Shepherd, dokotala angathe kusokereratu chifu ku khoma la mimba nthawi yomweyo kuti chisadzapotoke, vuto lomwe limapha m'maola ochepa.

Koma tinene mosapsatira. Njira yakale, ikachitidwa ndi dokotala wozolowera, ndi yabwino, yachangu ndi yotsika mtengo. Kumene agalu ndi ambiri ndipo ndalama n'zochepa, kutseka agalu 20 mwa njira yakale kumathandiza mudzi kuposa kutseka mmodzi ndi kamera. Musasiye galu akubereka chaka ndi chaka podikira laparoscopy. Ndiponso chiberekero chikadzaza mafinya, madokotala ambiri amasankha kung'amba.

Nanga ziweto zikuluzikulu?

Hatchi ndiyo imapindula kwambiri. Zilonda za m'chifu n'zofala pa mahatchi ampikisano, ndipo njira yotsimikizira ndi endoscope ya mamita 3 yodzera m'mphuno, hatchiyo itasala chakudya usiku wonse. Hatchi yopuma mwaphokoso pothamanga amaiona kholingo, lomwe mbali yake ya kumanzere imatha kufa. Popeza mavuto ena amaoneka pokhapokha hatchi ikuthamanga, pali endoscope yomangirira pamutu, yojambula wokwera ali pamsana.

Pa ng'ombe za mkaka wambiri, chigawo chachinayi cha chifu (chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi) chimatha kuchoka pamalo pake n'kukwera kumanzere ng'ombe itangobereka. Madokotala ku Ulaya amachibwezeretsa ndi kuchisokerera kudzera pa timabowo. Palinso ka endoscope kakang'ono koonera m'kati mwa nsonga ya bere ikatsekeka.

Nkhosa ndi nkhani ina. Khomo la chiberekero chake n'lokhotakhota moti kachubu kothirira umuna sikadutsa bwino. Ku Australia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anayamba kuthira umuna wosungidwa mozizira mwachindunji m'chiberekero kudzera pa laparoscopy, ndipo alimi oweta nkhosa zamtundu ku South Africa amagwiritsa ntchito njirayi. Apa endoscope sikuchiza, ikutukula khola.

Mbalame ndi nyama zakutchire?

Thupi la mbalame lili ndi matumba a mpweya, choncho sipafunika kupopera kalikonse, kamera imangolowa n'kuona mapapo, chiwindi ndi impso. Kale imeneyi inali njira yodziwira ngati chinkhwe ndi chachimuna kapena chachikazi, koma lero ambiri amangoyeza DNA ya nthenga kapena ya dontho la magazi. Kwa fulu, endoscope imapewetsa kucheka chigoba.

Ku South Africa, m'malo osungira nyama momwe njovu zinachuluka, madokotala akhala akudula njira ya umuna ya njovu zamphongo ndi laparoscopy. Machende a njovu ali m'kati mwa mimba pafupi ndi impso, ndiye anachita kupanga zipangizo zazitali mwapadera, njovuyo n'kuiimika ndi kireni ili mtulo.

Zoopsa zake n'zotani?

Chachikulu ndi mankhwala ogonetsa, makamaka kwa chiweto chokalamba, cha vuto la mtima kapena chotha madzi m'thupi. N'chifukwa chake amayeza magazi kaye. Kubooka kwa m'mero kapena matumbo sikuchitika kawirikawiri, ndipo kukachitika nthawi zambiri khomalo limakhala litaola kale. Mpweya ukachuluka m'chifu umapanikiza mapapo, ndiye amaupopa kuutulutsa asanamalize. Pa laparoscopy magazi angathe kutuluka mosayembekezeka, dokotala n'kukakamizika kutsegula mimba yonse. Adzakupemphani chilolezo cha zimenezi asanayambe, ndipo dokotala amene wasintha njira pakati pa ntchito sanalephere, wateteza moyo wa chiwetocho.

Pali china chomwe eni ziweto saganizira: ukhondo wa chipangizocho. Endoscope yopindika siphikidwa mu makina a nthunzi ngati zitsulo za opaleshoni. Amaitsuka ndi burashi m'kanjira kake, amainyika m'mankhwala monga glutaraldehyde, amaitsukuluza n'kuiumitsa. Palibe cholakwika kufunsa mmene amatsukira.

N'chifukwa chiyani ndi yodula, ndipo ndingaipeze kuti?

Zipangizo zake zimachokera kunja, ku makampani monga Karl Storz, Olympus ndi Pentax, ndipo zikaonongeka zimakakonzedwanso kunja. Endoscope imodzi sikwanira pa zonse: ya mphuno ya mphaka siingafike m'chifu cha hatchi. Pamafunikanso makina ogonetsera, munthu woyang'anira kupuma kwa chiweto, ndi magetsi osathima pakati pa ntchito. Chifukwa cha zimenezi, endoscopy imapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda ndi za mayunivesite, monga chipatala cha ziweto cha Onderstepoort cha yunivesite ya Pretoria.

Yambani ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto wa kwanu, ndipo imbani foni musananyamuke kuti mudziwe ngati chipangizo chilipo, chikugwira ntchito, ndipo n'cha msinkhu wa chiweto chanu. Funsani mtengo wonse pamodzi: kugonetsa, labotale, ndi opaleshoni ngati endoscope italephera. Fupa likakhala kum'mero ndipo endoscope ili kutali, musataye masiku poifunafuna. Dokotala wozolowera angathe kulichotsa ndi paipi yolimba ndi chopanira chachitali, kapena kudzera m'chifu.

Tikabwerera kunyumba ndiyang'anire chiyani?

Ziweto zambiri zimatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kusinza, kutsokomola pang'ono chifukwa cha paipi yopumira, ndi kutuluka timagazi m'mphuno ngati anaona m'mphuno, zonsezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Yambani ndi madzi pang'ono, kenaka chakudya chofewa monga phala kapena mpunga wosakaniza ndi nyama yophika yopanda mafupa. Ngati pali timabala ta laparoscopy, musalole chiweto kutinyambita, ndipo chisadumphedumphe mpaka dokotala atalola.

Bwererani ku chipatala msanga mukaona mimba yotupa ndi yolimba, kupuma movutikira, nkhama zoyera, kutentha thupi, kapena chimbudzi chakuda ngati phula. Galu amene anachotsedwa fupa kum'mero mumuyang'anire kwa milungu itatu kapena inayi. Bala la m'menemo likamapola limatha kukoka m'mero n'kuupanikiza, ndipo chizindikiro chake ndi kubweza chakudya cholimba pamene madzi akudutsa. Zikatero dokotala amalowanso ndi endoscope n'kufutukula malowo ndi kabaluni, ndipo nthawi zambiri amabwereza kangapo m'mero usanakhazikike.